Anyamata athu akutha mphamvu pa mphindi 70: masapota a ku Zomba tikambirane

LOWERUKA MADZULO

Wa ku Joni: Abale, zatha bwanji ku Chikwawa? Kuno ku Johannesburg foni ili m'manja chiyambire 2:30. Uthenga womaliza munati tikutsogola 1-0, kenako nonse zii.

Kabaza wa ku Matawale: Atikwapula 3-1 achimwene. Musafunse zambiri, mtima ukundiwawa.

Wa ku Joni: Aaa! Zitatu zonse chigawo chachiwiri?

Wa Ng'oma wa ku Chinamwali: Zonse zalowa kuyambira mphindi 71. Ine ndinali kumbuyo kwa golo, ndiye tisanayambe kutukwanana ndiloleni ndinene zimene maso angawa aona.

Chigawo choyamba anyamata anasewera mpira wokoma zedi. Mpira unali pansi, nambala 6 ndi nambala 8 amapatsirana pakatipo, eni bwalo amangouona ukudutsa. Chigoli chathu chinabwera bwino: nambala 11 anamuzungulira wotchinga wa kumanja, anafika pafupi ndi mzere n'kuubweza pansi, nambala 9 anangoukhudza ndi mkati mwa phazi. Ngakhale masapota awo anaomba m'manja. Tikanapita kopuma tili 2-0, koma mpira wina unamenya chitsulo cha golo n'kubwerera.

Titabwerako kopuma zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Pofika mphindi 60 ndinaona nambala 6 atagwira mawondo, kukamwa kuli yasa. Nambala 3 akatumba anamukokana kawiri, mnzake akumuwongola mwendo ali chigonere. Chigoli chawo choyamba panalibe luso lililonse. Goloboyi wawo anangouwomba mpira wautali, wotchinga wathu anauona bwinobwino, koma miyendo inakana. Chachiwiri chinali cha kona, mwa athu palibe ndi mmodzi yemwe analumpha. Chachitatu anyamata anali atangoima.

Refa wayimba bwino, za iye tisakambe. Timu ija sinatiposa mpira, yatiposa mphamvu.

Kabaza wa ku Matawale: Mlandu ndi wa kochi basi. Aka si koyamba. Ku Balaka tinatsogola n'kulepherana 2-2, ku Thyolo tinatsogola n'kugonja. Masiku ano timu imaloledwa kusintha osewera asanu, lamulo limeneli linakhazikika mu 2022. Iye wasintha awiri okha. Amadikira chiyani anthu akugwa? Achoke tipeze wina.

Wa Ng'oma wa ku Chinamwali: Aise, pa benchi panali anthu atatu, mmodzi mwa iwo ndi goloboyi. Akanalowetsa ndani?

Kabaza wa ku Matawale: Nanga ena anali kuti? Si tinalembetsa anyamata oposa 20?

Msungichuma: Ndiyankhe ndine. Anayi anakanika kupempha ku ntchito, awiri ndi ovulala, mmodzi ali ku maliro ku Jali. Ena awiri tinawasiya tokha chifukwa minibasi inadzaza ndipo ndalama ya yachiwiri inalibe.

Wa pa Mpondabwino: Ine ndinamva kuti popuma paja anthu awo anathira madzi pa golo lathu. Zinthu zimenezi zilipo abale, tisamazikane.

Mayi a pa Geti: Achimwene a pa Mpondabwino, madzi amene anavuta ndi amene ana athu sanamwe. Funsani amene anali nawo pa ulendo kuti anadya chiyani.

Wa Ng'oma wa ku Chinamwali: Amayi anena zoona, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Tinapangana kunyamuka 6 koloko m'mawa. Tinanyamuka 9:30 chifukwa ndalama ya mafuta inali isanakwane, akomiti amayimbira anthu foni uku anyamata atakhala pa zikwama zawo pa depoti. Kuchoka ku Zomba kufika ku Blantyre ndi makilomita oposa 60, kudutsa pa Thondwe ndi pa Namadzi, ndiye mulowe chipwirikiti cha mu Limbe Loweruka. Kuchoka apo mutsike phiri lija mpaka pa Thabwa, muoloke Shire. Munthu wokulira kuno kumunsi kwa phiri la Zomba, kumene ngakhale mu Okutobala madzulo kumazizirirako, akangotsika chigwa chija thupi limadziwa lokha kuti lafika kwina. Tinafika itadutsa 1 koloko. Anyamata anatsika miyendo itauma chifukwa chopanikizana, ena atanyamula mipira ndi majezi pamiyendo ulendo wonse. Chakudya chinali mabanzi awiriawiri ndi Sobo. Madzi chigubu chimodzi, nawonso atatentha m'galimoto.

Ndiye mundiuze, kochi uti pa dziko lino amene angapambane ndi anthu otero?

Madala a ku Sadzi: Ana anga, ndawerenga zonse. Ine mpira ndinaumenya ndili mnyamata pa Community Centre pomwepa, Zomba idakali likulu la dziko. Nthawi imeneyo mnyamata wodziwa mpira amamupezera kantchito mu ofesi kapena ku kampani kuti azidya uku akusewera. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 maofesi ambiri anapita nawo, ndipo Nyumba ya Malamulo nayo inadzatsatira pambuyo pa 1994. Tinatsala ndi yunivesite, asilikali, apolisi, ndende ndi chipatala. Makampani akuluakulu amene amathandiza matimu ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. N'chifukwa chake timu ya anthu wamba kuno imavutika. Musamulalatire kochi, mnyamata uja salandira kanthu, amachita kuchoka ku ntchito yake n'kubwera ku bwalo pa njinga.

Kabaza wa ku Matawale: Madala, ndikukupatsani ulemu wonse, koma chakudya si mpira. Red Lions ya ku Cobbe Barracks osewera ake ndi asilikali, amadya, amalandira kumapeto kwa mwezi, ali ndi basi. Koma mu 2023 inatuluka mu Super League pamodzi ndi Blue Eagles ya apolisi. Ndiye kukhuta kokha sikukwanira. Makona akutipweteka chiyambire ligi, ndipo amenewo ndi ntchito ya kochi.

Madala a ku Sadzi: Za makona wanena zoona mwana wanga. Koma uyambe wamudyetsa munthu, kenako umuphunzitse kulumpha.

LAMULUNGU

Mlongo wa Nambala 6: Mwadzuka bwanji nonse. Ine sindilankhulalankhula pa gulu pano koma lero ndilankhulapo. Usiku wapitawu ena analemba kuti mchimwene wanga ndi waulesi, ena akuti anagulidwa. Mauthengawo a admini afufuta koma iye anali atawawerenga kale.

Ndikuuzeni za sabata yake. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu amadzuka 4 koloko kupita ku Likangala kukakumba mchenga ndi kupakira m'malole. Akaweruka amabwera kunyumba, kusamba, kumwa tiyi ngati shuga alipo, n'kuyenda wapansi kupita ku masewera olimbitsa thupi. Lachisanu anagwira mpaka dzuwa kulowa chifukwa amadziwa kuti Loweruka sapeza kanthu, ndipo lendi ya nyumba yathu imadalira iyeyo ndi ine. Nsapato zimene akusewerera anazisoketsa kawiri kwa osoka nsapato a mu msika. Dzulo anafika pakhomo cha m'ma 10 usiku, anakhala pa khonde osalankhula, nsima ndinamusungira koma inamukanika chifukwa mutu umamuwawa. M'mawa uno ndamupeza akuchapa jezi ya timu yekha ndi sopo wathu.

Mukafuna kumudzudzula pa mpira mudzudzuleni, amamva. Koma za kugulidwa musanene. Akanagulidwa bwenzi ndikuona ine poyamba.

Admini: Achemwali, zikomo polankhula. Amene analemba zija ndawachenjeza kumbali. Akabwereza ndiwachotsa.

Wa ku Joni: Achemwali pepani kwambiri. Mumuuze kuti ife akutali timamunyadira.

Mayi a pa Geti: Mwana ameneyo ndimamudziwa kuyambira akutolera mipira kunja kwa mzere. Akamadutsa pa lichero langa la mandasi amapereka moni atapinda mawondo. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, abale. Tisawaphe mtima ana awa.

Kabaza wa ku Matawale: Achemwali, ine nambala 6 sindinamunenepo choipa ndipo sindingayerekeze. Timu yonse ija imayendera iyeyo. Mkwiyo wanga uli pa akuluakulu.

Msungichuma: Poti akuluakulu tatchulidwa, ndifotokoze mmene ndalama imayendera kuti pasakhale manong'onong'o. Gemu ya pakhomo timalipira bwalo, oyimbira, achitetezo ndi a chithandizo choyamba. Timagula laimu wojambulira mizere. Zonsezi zimachokera pa geti. Tsono pa geti anthu olipira ndi ochepa. Ambiri amalowera kuseri, ena amaonera pa chulu chija, ena amabwera n'kunena kuti ndine m'bale wake wa wosewera. Zotsala zimakhala zochepa moti sizikwana ngakhale theka la ulendo umodzi wa kutali. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa hayala ya minibasi, mipira ndi mankhwala opaka sunabwererenso pansi. Buku la ndalama lili ndi ine, amene akufuna kuliona abwere Lachitatu ku bwalo, ndimutsegulira tsamba lililonse.

Wa pa Mpondabwino: Ife tinasonkhapo chaka chatha koma sitinamve kuti zinathera kuti.

Msungichuma: N'chifukwa chake ndikuti bwerani mudzaone. Zinagula majezi obiriwira aja ndi maneti.

Wa Ng'oma wa ku Chinamwali: Ine ndili ndi ganizo. Tisadikire munthu wachuma kuti adzatitole, takhala tikumudikira zaka zambiri. Pa gulu pano tilipo ambiri. Aliyense atapereka K2,000 pa mwezi, ndalama imeneyo isakhudze china chilichonse koma zinthu ziwiri: chakudya cha osewera tsiku la gemu, ndi mafuta olipiriratu Lachinayi kuti minibasi izinyamuka nthawi yake. Majezi, mabonasi, zonsezo zidikire. Magemu atsala ndi ochepa ndipo tili pafupi ndi mzere wotuluka mu ligi. Tikatsika, anyamata abwinowa abalalika, ndipo kubwerera kumatenga zaka.

Kabaza wa ku Matawale: Ndalama agwire ndani? Funso ndi limenelo.

Madala a ku Sadzi: Agwire Mayi a pa Geti. Zaka zonsezi sindinamvepo munthu akudandaula za chenje pa lichero lawo.

Mayi a pa Geti: Ndavomera, koma pakhale mnzanga wolemba. Aliyense akatumiza pa Mpamba kapena Airtel Money aponye umboni pa gulu pano, ndipo Lamulungu lililonse tizilemba zolowa ndi zotuluka poyera. Kuphika ndiphika ndekha ndi anzanga awiri, nkhuni zanga.

Aphunzitsi a ku Domasi: Kulemba ndilemba ine. Ndiwonjezereponso mawu pa nkhani ya chakudyayi, poti ku sukulu ndimayang'anira zamasewera. Nthawi yodyera ndi yofunika ngati chakudyacho. Gemu ikamayamba 2:30, chakudya chenicheni adye cha m'ma 11, papite maola atatu. Mpunga ndi nyemba kapena mazira, kapena nsima yosachuluka, zopanda mafuta ambiri. Mpunga tili nawo konkuno, wa ku Domasi ndi wa ku sikimu ya Likangala. Popuma apatsidwe nthochi. Madzi ayambe kumwa dzulo lake, osadikira ludzu. Kumalo otentha ngati kuchigwa tizitenga mapaketi a Thanzi, chifukwa thukuta limatulutsa mchere m'thupi, ndipo madzi okha sabwezera zonse. Komanso malamulo a mpira amalola refa kuimitsa gemu pang'ono kuti osewera amwe madzi kukatentha kwambiri. Kapiteni azipempha gemu isanayambe.

Wa ku Joni: Ine ndatumiza ya miyezi itatu. Anzanga awiri a ku Chikanda amene tili nawo kuno atumiza mawa akalandira.

LACHITATU

Aphunzitsi a ku Domasi: Lipoti. Apereka anthu 31 mpaka pano. Mpunga wagulidwa, nyemba wapereka mnzathu wa ku Songani kwaulere. A pa Mpondabwino anabwera, buku aliona, ndipo apereka yawo.

Wa pa Mpondabwino: Ndaliona, zonse zalembedwa bwino.

Wa Ng'oma wa ku Chinamwali: Ndinali ku masewera olimbitsa thupi madzulo ano. Aise wa ku Matawale, uve izi: kochi watha pafupifupi ola lonse pa makona okhaokha. Waika nambala 5 pa mtengo woyamba, wamtali uja wa ku Chingale pakati, ndipo aliyense wapatsidwa munthu wake. Amawabwereza mpaka mdima unayamba, mpira osaonekanso bwino. Chimene chinandikhudza ndi chakuti anyamata amva kuti masapota akusonkha. Nambala 3 anandifunsa kawiri ngati zili zoona.

Kabaza wa ku Matawale: Tiona Lamulungu. Ndikatenga osewera awiri a ku Matawale pa njinga yanga yamoto kwaulere, asayende wapansi tsiku la gemu.

Aphunzitsi a ku Domasi: Pali china chimene akomiti asachinyalanyaze. Anyamata ang'onoang'ono amene amabwera kudzasewera ndi timu yachiwiri alembetsedwe bwinobwino ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ndi zaka zawo zenizeni. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya ndalamayo imagawidwa kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Koma amayang'ana zolembedwa. Mwana amene sitinamulembetse, ngakhale titamulera zaka zisanu, sitidzaonapo tambala. Musaone ngati ndikulota. Gabadinho Mhango anachokera ku Chiweta ku Rumphi, anadutsa ku Bullets, anapita ku South Africa, ndipo mu Januwale 2022 dziko lonse linadumpha ndi chigoli chake chija cha patali pa Morocco ku Cameroon. Ana otere amayambira pa mabwalo a fumbi ngati lathuli.

Msungichuma: Aphunzitsi, mfundo imeneyi ndiitengera ku komiti Lachisanu. Vuto limakhala makalata a kubadwa, makolo ambiri alibe.

Aphunzitsi a ku Domasi: Masukulu awo ali ndi zolembedwa. Ndikuthandizani kuyenda.

LAMULUNGU LOTSATIRA, TSIKU LA GEMU

Mayi a pa Geti: Ana adya 11 koloko, onse 18. Poto watsala mbee. Nthochi zili m'dengu pa benchi.

Admini: Wa Ng'oma, uzitiponyera nkhani chifukwa cha anzathu akutali.

Wa Ng'oma wa ku Chinamwali: Yayamba. Anthu abwera ambiri kuposa masiku onse, ngakhale a pa chulu ena atsika kudzalipira.

Mphindi 25, 0-0. Alendowa ndi amphamvu, ali pa nambala 3 pa ligi ndipo zikuoneka. Akutipanikiza kumanzere.

Tapuma 0-0. Makona awo anayi, onse tawachotsa ndi mutu.

Wa ku Joni: Limbani anyamata!

Wa Ng'oma wa ku Chinamwali: Eee, atichinya. Mphindi 52. Goloboyi wathu anatuluka kuti augwire, unamupulumuka m'manja, wawo anangoukankhira mu neti.

Kabaza wa ku Matawale: Mwana uyu amatuluka mosaganiza! Anali ndi otchinga awiri pomwepo.

Madala a ku Sadzi: Msiyeni, watipulumutsa kawiri chigawo choyamba. Muimbireni nyimbo adzuke.

Wa Ng'oma wa ku Chinamwali: Mphindi 70. Abale, anyamata akuthamangabe. Nambala 6 walanda mpira pakati kawiri motsatizana. Kochi walowetsa atatu atsopano. Amene akugwira mawondo tsopano ndi alendo.

Mphindi 78, nambala 9 waphonya ali yekha ndi goloboyi. Aaa!

CHALOWA! 1-1! Mphindi 84! Kona ya nambala 11, wamtali wa ku Chingale waumenya ndi mutu!

Mlongo wa Nambala 6: Ndikulira ine pano.

Wa ku Joni: Ndakuwa pa ntchito mpaka abwana atuluka mu ofesi! Pitirizani!

Wa Ng'oma wa ku Chinamwali: Yatha 1-1. Mphindi zomaliza tinawatsekera kwawo, wina anauchotsa pa mzere penipeni.

Kabaza wa ku Matawale: Pointi imodzi pakhomo si yokondwerera kwambiri, tinafunika atatu. Amene ali pansi pathu apambana dzulo, ndiye kusiyana kwatsala mapointi awiri okha. Ndipo nambala 9 akuphonya zambiri, magemu anayi tsopano chigoli chimodzi. Kochi amuyese mnyamata wa ku Ndola uja kutsogolo, ali ndi liwiro. Koma za makona ndaona kusintha, zimenezo ndivomere.

Madala a ku Sadzi: Nambala 9 asachotsedwe. Malo akuwapeza, ndiye chovuta kwambiri pa womwetsa zigoli. Akungofulumira kuwomba. Ndikalankhula naye Lachiwiri, ndimuonetse kuti goloboyi akatuluka umayang'ana phazi limene waponda nalo, n'kuudutsitsa mbali yomweyo.

Wa Ng'oma wa ku Chinamwali: Ine chimene ndinafuna kuona ndachiona: timu yathu ikusewera mphindi 90 zonse. Koma gemu ya pakhomo ndi yosavuta, ana amagona kwawo. Mayeso enieni ndi Loweruka ku Mulanje. Tikanyamukanso 9:30 ndi mabanzi, zonsezi zapita pachabe.

Aphunzitsi a ku Domasi: Lipoti la lero. Chakudya chalipiridwa chonse. Zotsala m'thumba zikukwana mafuta a minibasi imodzi kupita ndi kubwera. Kuti osewera onse 18 apite osapanikizana pakufunika galimoto yachiwiri, ndipo ndalama yake palibe. Amene simunapereke, chonde pofika Lachitatu.

Wa pa Mpondabwino: Mlamu wanga ali ndi Sienta. Ndamufunsa, akuti tingothira mafuta, yekha ayendetsa.

Msungichuma: Zikomo kwambiri achimwene. Tidzera njira ya ku Jali ndi Phalombe kapena ya ku Limbe?

Kabaza wa ku Matawale: Ya ku Jali, mupewe chipwirikiti cha mu Limbe. Ndimayendamo kawirikawiri.

Mayi a pa Geti: Ndiye ndiphika usiku wa Lachisanu nyemba, mpunga ndidzuka nawo m'mamawa. Ndikufuna mabeseni awiri okhala ndi zivundikiro ndi zigubu zina ziwiri za madzi. Amene ali nazo andibweretsere kunyumba Lachinayi.

Mlongo wa Nambala 6: Chigubu chimodzi ndibweretsa ine amayi. Beseni ndikabwereka kwa aneba.

Admini: Kunyamuka 6 koloko pa depoti, osati 6:30. Masapota amene mukufuna kupita lembani maina pansipa pofika Lachinayi masana kuti tidziwe ngati tingakwanitse yathu minibasi, aliyense alipira yekha.

Wa Ng'oma wa ku Chinamwali: Lembani ine, ndi mpando wina wa ng'oma.

Kabaza wa ku Matawale: Inenso. Ndibwera ndi anzanga atatu a pa siteji.